Nkhafi ya Ulendo Wautali: Kuchokera ku Lifidzi Kutsikira ku Zambezi

Mtsinje wa Lifidzi si mtsinje wa mabwato. M'chilimwe mwana wa sukulu amaoloka atangokwinya kabudula, ndipo ngakhale m'dzinja, pamene madzi afiira ndi dothi la m'minda ya chimanga ndi kachewere, munthu amakhala pagombe kudikira kuti aphwe. Dziko lino la Angónia ndi la khasu, ngolo ndi njinga. Tili pamtunda wa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, m'munsi mwa phiri la Domwe, kumene chisanu cha mu June ndi July chimaumitsa zala. Motero wina akhoza kufunsa kuti nkhani ya nkhafi, mtengo uja wopalasira bwato, ikudzatani m'kalata ya anthu a kumapiri.

Yankho lili m'madzi omwewo. Mitsinje ya kuno imatsikira mu Revubwe, ndipo Revubwe amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Ana athu nawonso amatsata madzi. Ena amapita ku Cahora Bassa kukagula nsomba kapena kukagwira ganyu kwa asodzi. Ena amatulukira pa Calomue ndi Dedza, natsika phiri la ku Golomoti kukafika ku nyanja ya Malawi. Amachoka kuno asanagwirepo nkhafi, ndipo pakapita milungu iwiri ali pakati pa madzi akuya, moyo wawo uli pa mtengo umene anangotola pagombe osauyang'ana. Makolo a Angoni anawadziwa madzi amenewa. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa masana, ndipo a Maseko, amene anadzakhala ku Domwe, anaolokanso mtsinje womwewo paulendo wawo. Koma atakwera kumapiri anasunga ng'ombe ndi chishango, nasiya luso la pamadzi kwa eni ake a kuchigwa.

Ulendo wotsika ndi wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongwe. Msewu umayamba pakati pa mitengo ya bulugamu ndi matumba a kachewere osanjidwa m'mbali, nukakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Zobwe. Kuyambira pamenepo jekete limavulidwa. Milambe imayamba kuoneka, pambuyo pake nkhalango za tsanya, kenaka fumbi lakuda la malasha a ku Moatize. Mzinda wa Tete uli pamtunda wosafika mamita 200, ndipo mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Pali milatho iwiri yoolokera Zambezi, wa Samora Machel umene unatha kumangidwa mu 1973, ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Ngakhale zili tero, munthu akaima pamlatho m'mawa amaonabe mabwato osema, amene anthu a kumeneko amawatcha mwadiya, akudula mtsinje monga ankachitira Achikunda zaka mazana zapitazo.

Kuchokera ku Tete msewu umadzera ku Chitima, nukwera mokhotakhota kufika ku Songo. Kumeneko Zambezi anatsekedwa ndi khoma lalitali mamita 171, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Nyanja imene inabadwa pamenepo ndi yaitali makilomita pafupifupi 250. Pansi pake pagona mathithi amene anatsekereza sitima ya David Livingstone yotchedwa Ma Robert mu 1858. Mu November 1860, gulu lake likutsika ndi mabwato osema, bwato la John Kirk linagubuduzika pamathithi omwewo, ndipo zolemba zake ndi zojambula za zomera zinapita ndi madzi. Lero mathithi kulibe, koma zoopsa zangosintha maonekedwe. Nkhalango sinadulidwe madzi asanadze, kotero kuti m'malo ena mitengo youma yaimabe m'madzi. Mvuu ndi ng'ona zilipo. Choopsa koposa ndi mphepo ya m'nyengo yopanda mvula, imene imautsa mafunde munthu ali kutali ndi gombe.

Pagombe lina la nyanjayi ndinakhala tsiku lathunthu ndi mkulu wina wosema nkhafi. Iye amalankhula Chinyungwe, ine Chichewa, koma tinamvana. Ndinafunsa kuti, “Agogo, kodi nkhafi yabwino mumaidziwa bwanji?” Sanayankhe msanga. Anatenga nkhafi ziwiri nandipatsa kuti ndinyamule, ina kumanja ina kumanzere. Ndinati kusiyana kwake n'kochepa. Iye anaseka nati, “Abusa, m'mawa nkhafi zonse n'zopepuka. Muzifunsa madzulo.”

Kasemedwe kake kanandikumbutsa atate athu akamasankha mpini wa khasu. Sasema tsanya, ngakhale wadzaza dziko lonselo, pakuti tsanya ndi wolemera kotero kuti amamira, ndipo nkhafi yomira ikapulumuka m'manja yapita. Amakonda mlombwa, umene ku Mozambique kuno timauti umbila, chifukwa sulemera kwambiri, suwola msanga, ndipo supindika ukanyowa ndi kuuma. Amafuna mtengo woongoka mitsempha ndi wopanda mfundo, pakuti nkhafi imathyokera pamfundo. Amauumitsa pamthunzi kuti usang'ambike. Akasema ndi kasemasema amapala ndi phale la botolo kufikira mpini utasalala, popeza kakhambi kamene dzanja silikamva pagombe kamabala matuza pakati pa nyanja. Mbali yophwatalala imene imalowa m'madzi, imene m'nkhani ino tiitche tsamba, amaichepetsa m'mphepete nasiya msana pakati kuti ilimbe. Ndipo sasemera munthu amene sanamuone. Amayang'ana msinkhu wake, kukula kwa chikhatho chake, ndi bwato limene akakwere.

Mfundo yotsirizayi ndi yaikulu. Alozi a kumadzulo kwa Zambia amapalasa ali chiimire, motero nkhafi zawo ndi zazitali, monga zimaonekera pa mwambo wa Kuomboka pamene bwato la mfumu, Nalikwanda, lichoka ku Lealui kunka ku Limulunga. Msodzi wa ku nyanja ya Malawi amakhala pamilomo ya bwato lopapatiza kukamwa, ndipo nkhafi yake ndi yofupikirapo, ya tsamba losongoka. Palibe mwa iwo amene analakwa. Wophunzira Malemba akumbukira kuti mneneri Ezekieli, pa mutu 27, pofotokoza ngalawa ya ku Turo, anatchula mtengo wina wa matabwa, wina wa mlongoti, ndi thundu wa ku Basana wa nkhafi. Amisiri a makedzana amenewo ankadziwa kuti ntchito iliyonse ili ndi mtengo wake.

Tsono m'zaka zino pamadzi athu pafika bwato lina lotchedwa kayaki. Ndi laling'ono, lopepuka, la munthu mmodzi kapena awiri, ndipo chiyambi chake ndi anthu a mtundu wa Inuit a kumpoto kozizira kwa dziko lapansi, amene ankalipanga ndi zikopa za nyama za m'nyanja. Lero limapangidwa ndi pulasitiki kapena fibreglass. Ku Cape Maclear, m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980, alendo amapalasa kayaki kunka ku chilumba cha Mumbo, ulendo wa makilomita pafupifupi 10, ndiponso ku chilumba chimene dzina lake ndi lofanana ndi la phiri lathu, Domwe. Ena olimba mtima amatsata gombe kwa milungu ingapo, pakuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550. Nkhafi ya kayaki ili ndi masamba awiri, lina kumapeto kuno lina uko, ndipo wopalasa amamiza lakumanja, kenaka lakumanzere, mosinthanasinthana. Kusiyana kwake ndi nkhafi ya mwadiya n'kwakuti iyi imakhala m'mwamba, m'manja onse awiri, tsiku lonse. Mnyamata amene akufuna ntchito yoperekeza alendo otere, kapena wina aliyense wokonzekera ulendo wa masiku ambiri, ayenera kudziwa zimene akunyamula.

Tiyambe ndi kulemera, ndipo tiwerengetsere pamodzi. Tiyerekeze kuti munthu akumiza nkhafi ka 50 pa mphindi imodzi. Pa ola limodzi wamiza ka 3,000, ndipo pa maola 6 wamiza ka 18,000. Ngati nkhafi yake ikuposa inzake ndi magalamu 300 okha, pofika madzulo wakweza makilogalamu 5,400 oonjezera, amene ndi matumba 108 a chimanga a makilogalamu 50. N'zoona kuti sanawasenze pamutu monga ochita ganyu pa msika wa Ulongwe, koma mapewa ndi mikono zimawerenga ndithu. Apa ndipo pali tanthauzo la mawu a mkulu uja onena za madzulo.

Nkhafi za m'masitolo zili m'magulu atatu. Yotchipa ili ndi mpini wa aluminiyamu ndi masamba a pulasitiki, ndipo kawirikawiri imalemera kilogalamu imodzi kapena kuposerapo. Imapirira kumenya miyala, koma mpini wake umatentha padzuwa la ku Tete, ndipo tsamba la pulasitiki wofewa limapindika m'madzi n'kudya mphamvu ya wopalasa. Ya fibreglass ndi yapakati pa kulemera ndi pa mtengo. Ya kaboni ndiyo yopepuka koposa, mwina magalamu 700 kapena 800, yolimba ndi yosapindika, koma mtengo wake umaposa wa njinga yatsopano, ndipo ikasweka pamwala palibe mmisiri wa m'mudzi amene angailumikize. Pali chinanso chimene sikelo siinena. Kulemera kumene kuli kumasamba kumatopetsa kuposa kumene kuli pampini, monga mlimi adziwa kuti khasu lolemera kumutu limathyola msana kuposa mpini wonenepa. Motero munthu wa ndalama zochepa achita bwino kufuna masamba opepuka poyamba. Poyesa m'sitolo asangoinyamula, koma aigwire monga ali m'bwato, naizunguze m'mwamba kwa mphindi zingapo.

Za kutalika, nkhafi zambiri za maulendo aatali zimayambira pa masentimita 210 kufika 240. Munthu wamtali, kapena wokwera kayaki yotambalala, amafuna yotalikirapo. Wamfupi m'kayaki yopapatiza amafuna yofupikirapo. Yotalikitsa imakhotetsa bwato uku ndi uku nilemetsa mapewa, pamene yofupikitsa imagunditsa zala m'mbali mwa bwato. Kapalasidwe nakonso kali pawiri. Ena amaimika nkhafi, dzanja lapamwamba lili chapamphumi, namiza tsamba pafupi ndi bwato. Kumeneku n'kwa liwiro ndi kwa madzi olusa, ndipo kumafuna nkhafi yofupikirapo ya masamba otambalala. Ena amaigoneka, manja ali chapachifuwa, ndipo ndiko kapalasidwe ka ulendo wautali, koyenera masamba aatali ndi opapatiza.

Pano ndipo anyamata ambiri amanyengedwa ndi maso. Amaona tsamba lalikulu naganiza kuti liwafikitsa msanga. Tsamba lalikulu limagwira madzi ambiri, inde, koma mphamvu yokokera madziwo imachokera m'phewa la mwini wake. Aliyense wopalasa njinga ya magiya pa zitunda za ku Tsangano adziwa kuti giya lolemera limakoma pa mtunda woyamba wokha. Pa ulendo wa tsiku lonse, tsamba laling'ono lomizidwa kawirikawiri limafikitsa munthu ali ndi mphamvu zotsala, ndipo mphamvu zotsalazo ndizo zimapulumutsa pamene mwera wauka dzuwa litapendeka.

Pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa amazitama kuti zimateteza thupi. Choyamba ndi masamba opotoka, ndiye kuti tsamba lina silinayang'ane kumodzi ndi linzake, kuti limene lili m'mwamba lidule mphepo ndi m'mphepete mwake. Kale ankapotoza kufika madigiri 90. Masiku ano ambiri amasankha pakati pa 0 ndi 60, ndipo nkhafi zolumikiza pakati zimalola mwini wake kusintha yekha. Phindu lake limaoneka popalasa moyang'anana ndi mphepo, koma dzanja limodzi limayenera kupotoza mpini pa kumiza kulikonse, ndipo tawerenga kale kuti kumizako n'kungati. Wongoyamba ayambe ndi masamba osapotoka, kapena opotoka pang'ono. Chachiwiri ndi mpini wokhota pamalo ogwira, wopangidwa kuti mfundo ya dzanja ikhale yoongoka pokoka. Ena amene manja amawapweteka amapeza mpumulo nawo. Koma ndi wodula, wolemererapo pang'ono, ndipo umauza manja pamene ayenera kukhala, kotero kuti ngati sunayenerane ndi kutambalala kwa mapewa a munthu, umazunza m'malo mothandiza. Kunenepa kwa mpini n'kofunika koposa kukhota kwake. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zizikumana momasuka pouzungulira, ndipo amayi ndi achinyamata a manja aang'ono afunse mpini wochepa, pakuti ulipo.

Pa nkhani ya kupweteka kwa manja pali umboni woyenera kuumva tisanataye ndalama. Ku South Africa kuli mipikisano ya mabwato ya masiku angapo, monga wa Dusi wochokera ku Pietermaritzburg kufika ku Durban, makilomita pafupifupi 120, umene unayamba mu 1951. Mu 1999 akatswiri a za umoyo wa ochita masewera a m'dzikolo anasindikiza zimene anapeza atapima opalasa a m'mipikisano yaitali. Anapeza kuti pafupifupi 23 mwa 100 alionse anatupa mitsempha ya pamwamba pa mfundo ya dzanja, makamaka dzanja limene munthu amagwiritsa ntchito kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti kutupaku sikunayenderane ndi mtundu wa nkhafi. Kunayenderana ndi madzi owinduka amene amasokoneza kapalasidwe, ndipo amene anakonzekera popalasa mitunda yaitali milungu ya m'mbuyo sanavutike kwambiri. Munthu wamantha amafinya mpini, ndipo dzanja lofinya ndilo limatupa. Wozolowera amagwira mofewa, natsegula zala za dzanja lapamwamba pokankha, napalasa ndi chiuno ndi msana m'malo mwa mikono yokha. Amayi a kuno osinja pamtondo amachita chimodzimodzi ndi munsi: amaulola kugwa, saulimbana nawo.

Ngati wina andifunsa maganizo anga, nkhafi imene ndiiona yoyenera anthu athu ndi ya eni ake a kayaki, ya ku Greenland. Ndi ya mtengo umodzi, masamba ake ndi aatali ndi opapatiza, osafika masentimita 10 m'lifupi, kotero kuti dzanja likhoza kugwira tsamba lenilenilo, ndipo ndi osapotoka. Mphepo siipeza pogwira. Imalowa m'madzi mofatsa, osadzidzimutsa phewa, n'chifukwa chake oyenda maulendo aatali ambiri a ku Ulaya ndi ku America abwerera kwa iyo. Siithamanga pouyamba ulendo ngati ya masamba otambalala, ndipo pamadzi osaya a miyala siigwira bwino. Pa mathithi musaitenge. Koma pa nyanja monga Cahora Bassa ndi Malawi ili pakwawo. Kumaiko akunja amaisema ndi mkungudza wopepuka. Kuno kalipentala wa ku Ulongwe akhoza kuisema ndi thabwa louma la paini lopanda mfundo, kapena la malaina, atamuyeza mwini wake: kutalika kwake kufike pamene zala zifika munthu ataimirira n'kukweza mkono, ndipo mpini wa pakati ulingane ndi mapewa ake. Ikaphwanyika m'mphepete amaipala n'kupitiriza ulendo. Ndikaganiza za mkulu wa pagombe uja ndi Ainuit amene sanamvepo za Zambezi, ndimaona kuti anafika pa nzeru imodzi, yoyeza munthu asanadule mtengo.

Chotsala ndi chimene ambiri amachinyozera, ndicho nkhafi yachiwiri. Bwato lopanda nkhafi pakati pa nyanja limanka kumene mphepo ifuna, ndipo kayaki, pokhala yopepuka, imatengedwa msanga kuposa mmene munthu angasambirire. Pa nyanja ya Malawi mwera umalimba kuyambira mu May kufika mu August kapena September, ndipo asodzi amadziwa kunyamuka m'bandakucha madzi akali bata. Wa ulendo wautali anyamule nkhafi yapadera, ngakhale yotchipa ya aluminiyamu yogawika pakati, naimangirire pamwamba pa bwato pamene dzanja lingaifikire ali chikhalire. Avale chovala choyandamitsa, ngakhale adziwa kusambira, ndipo makamaka ife a kumapiri, amene ambiri tinaphunzirira kusambira m'madziwe ofika m'chiuno. Makolo amene mwana wanu akutsika kunyanja chaka chino, mufunseni zinthu ziwirizi asananyamuke.

Nkhafi yatsopano isayambire pa ulendo waukulu. Iyesedwe masiku angapo pafupi ndi gombe, maola awiri lero, atatu mawa, ndipo mwini wake aone pamene patuluka thuza ndi pamene phewa layamba kulankhula. Ya mtengo aipale pamalo pamenepo, naipake mafuta osaterera. Yolumikiza pakati aitsuke mchenga polumikizira madzulo alionse, pakuti mchenga wa Zambezi ukalowamo, zidutswa ziwirizo zimakanirirana. Ndipo pogona isasiyidwe pamchenga wotentha kapena m'mphepete mwa madzi, koma pamthunzi, patali ndi pamene mafunde a usiku amafika.